Sikelo

Ndinkapita nawe kusikelo ku Kawale
uli kakhanda, namwino nkukukoleka pa mbedza m'kathumba,
timiyendo tikupalasa mphepo.
Ankayang'ana muvi, nkupukusa mutu,
nkudontheza inki pansi pa mzere wa pakhadi lako.
"Mayi, mwanayu sakukwera."
Ndinkabwerera wapansi, dzuwa lili paliwombo,
ndikuwerengera m'mutu mtengo wa nsinjiro.

Lero wavula wekha nsapato,
wakwera sikelo ina, yagalasi, yopanda muvi,
ndipo pemphero lako ndi lakuti usakwere.
48.7.
Bambo wa jekete labuluu walemba osakuyang'ana n'komwe.
Masabata atatu ukukana mandasi anga,
ukuthamanga m'mbali mwa Lingadzi utavala majuzi awiri,
iwe amene ndinakugulitsira chitenje chaukwati kuti unenepe.

Ndatseka benchi ku Tsoka, Loweruka, tsiku landalama.
Ndakhala pamwamba penipeni m'holo muno,
pakati pa mbendera zomwe sindikuzidziwa.
Akumanga chigoba chofiira pachifuwa ngati kamba,
chisoti kumutu, mphira m'kamwa.
Sindikadakuzindikira
pakadapanda kayendedwe ka bambo ako, kotaya phazi lamanzere.

Woyamba wamugonjetsa ndisanamalize kumasula chitenje.
Wachiwiri anali wa ku Iguputo.
Ine ndinkayesa Iguputo ali m'Baibulo mokha,
koma uyu anali ndi mwendo, mwanawe,
wautali ngati mtengo wa magetsi.
Munaweramirana mwaulemu ngati apongozi
kenaka phazi lake phaa! pakhutu lako,
manambala pakhoma nkulumpha atatu.
Ndinaimirira. Ndinatukwana. Mulungu andikhululukire.
Mnyamata wogulitsa madzi anandigwira mkono:
"Khalani pansi, mami, ndi malamulo ake amenewo."
Malamulo!
Sindinakumenyepo ine ngakhale ndi mthiko.

Madzulo mayi wa pachimkuzamawu akuwerenga
ngati mndandanda wa makuponi.
Anyamata a 58: golide wapita ku Kenya.
A 68: wa ku Mozambiki, thonje lili m'mphuno,
akupsompsona siliva ngati ndi wake mwana.
A 80: wathu Gomezgani wa ku Area 25
anatuluka m'mawa, ndamuona kuseri kwa jenereta
akumasula lamba wakuda pang'onopang'ono.
Kenaka zimphona zoposera apo,
zomwe nsanja inalira zitakwera.
Nyimbo zafuko za eni ake, ina pambuyo pa inzake,
ife tikuimirira, kukhala, kuimirira.

Atsikana osapitirira 49.
Golide, Iguputo uja.
Siliva, dzina lovuta.
Buronzi...
anapunthwa pa dzina lako, mayi wakwathu konkuno,
ndiye ndinamuthandiza ndili pamwambapo:
Ndaziona Kachigamba!
Nthungululu yanga inafika kudenga isanafike mbendera.
Unaima pa sitepe yotsikitsitsa,
khutu litatupa ngati chitumbuwa,
ukundifunafuna m'chigulu.

Mu minibasi kondakitala sanakudziwe.
Anatipanikiza anayianayi, nkutilipiritsa yonse.
Pa siteji unagula chipisi cha zikopa za nkhuku,
unadya ndi manja onse awiri, osalankhula,
mafuta akutsikira m'chigongono.

A Nachisale anali asanatseke okala.
Ndinawapempha sikelo yawo ya nyemba
ndi kuikapo mendulo, riboni ndi zonse.
Muvi unangogwedezeka pang'ono.
"Sikukwana ndi kota yomwe," anatero, akuseka.
Ndinaseka nawo.

Khadi lija lilipo, m'sutikesi, pansi pa zovala za Mvano,
m'mphepete mwake mwadyedwa ndi njenjete,
timadontho tonse tili pansi pa mzere.
Ndaika mendulo pamwamba pake.
Wagona tsopano, mwendo umodzi uli panja pa bulangete,
ukukankha mphepo ngati m'kathumba muja.
Mawa ndikazinga mandasi m'mamawa.
Udye, wamva?
Ukwereko pang'ono.